Mutu 6: Nkhata Zobisika za Mumsana

Mawa mukadzuka, musanagwire khasu kapena ndowa, imani mowongoka mutatsamira mphuthu ya chitseko, opanda nsapato, zidendene zitagunda thabwa. Wina aike buku pamutu panu mopingasa n'kulemba kamzere ndi pensulo. Kenako pitani kuntchito zanu zonse za tsikulo. Madzulo, nkhuku zitalowa m'khola, mukaimenso pomwepo ndipo mnzanu uja alembe kamzere kachiwiri. Mizere iwiriyo sidzakumana. Wamadzulo udzakhala m'munsi, ndipo mpata wake ungafike sentimita imodzi kapena ziwiri, ngati kunenepa kwa chala chanu.

Munthu aliyense amafupika masana n'kutalikanso usiku. Zimachitikira mayi wa ku Malomo wokwera chitunda atasenza madzi, mlimi wa fodya wa ku Madisi, mnyamata wa kabaza wa pa Mponela, ngakhalenso kalaliki amene watandala pampando pa Boma la Dowa. Mafupa safupika, ndiponso mutu suphwa. Chimene chimachoka masana n'kubwerera usiku ndi madzi, ndipo malo ake ndi timinofu tobisika pakati pa mafupa a msana.

Zimene wopha mbuzi amaona

Amene anadulapo msana wa mbuzi amadziwa kuti mpeni sudutsa paliponse. Umafunafuna pamfundo, pamene pali kanthu koyera, kozungulira, kolimba m'mbali koma kofewa pakati. Msana wa munthu nawonso unapangidwa motero. Uli ndi mafupa ang'onoang'ono 33 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 pamene pamera nthiti, 5 kumunsi cham'chiuno, ndipo 9 otsalawo ali pansi penipeni, ambiri mwa iwo ataphatikana munthu akakula. Pakati pa mafupa amene amagwedera pali timinofu toyera tija, tokwana 23. Kuchipatala amati madisiki. M'mutu uno tiziti nkhata za mumsana, chifukwa ntchito yake ndi yofanana ndi ya nkhata imene mayi amapinda ndi chitenje kapena masamba a nthochi asanasenze mtolo: kukhala pakati pa zolimba ziwiri, kulandira kulemera, ndi kukugawa kuti kusapsinje malo amodzi. Nkhata zonsezi mutazisanja pamodzi zingakwane pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa msana.

Nkhata iliyonse ili ndi mbali zitatu. Pakati pali mnofu wonanda ngati therere, umene mwa munthu wachinyamata magawo 8 mwa magawo 10 alionse amakhala madzi. Mozungulira pali mpanda wa ulusi wolimba, wosanjikizana kangapo, mwina ka 15 mpaka ka 25. Ulusi wa msanjiko umodzi umapendekera uku, wa msanjiko wotsatira umapendekera uko, monga zimapingasirana nsungwi za lichero, n'chifukwa chake mpandawo umapirira munthu akamawerama kapena kupotoloka. Pamwamba ndi pansi pali chicherewecherewe chopyapyala chimene chimamata nkhatayo ku fupa. Chicherewecherewechi chili ngati sefa yamaso ang'onoang'ono kwambiri, ndipo madzi ambiri olowa ndi otuluka amadzera pamenepo.

Mchere wa m'dzinja ndi chinkhupule

Nanga madziwo amasungika bwanji m'kati, thupi lonse likuwapsinja? Kumbukirani mchere wa m'mbale nyengo ya dzinja: palibe amene wauthira madzi, koma umanyowa wokha pokoka chinyezi. Mu mnofu wonanda uja muli tizinthu tamtundu wa mapuloteni tophatikana ndi shuga, timene akatswiri amatitcha proteoglycan. Tizinthuti timakoka mchere wa m'thupi, ndipo mcherewo umakoka madzi. Choncho nkhata nthawi zonse imafuna kufufuma, monga zimafufumira nyemba zoviikidwa. Chimene chimailetsa ndi mpanda wa ulusi uja pamodzi ndi kulemera kwa thupi.

Ndiye pali mphamvu ziwiri zolimbirana. Ina ikukokera madzi m'kati, ina ikuwafinyira kunja. Munthu akaimirira, kulemera kwa mutu, mikono ndi chifuwa, kuphatikizapo kukoka kwa minofu ya msana, kumapambana, ndipo madzi amayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati mukufinya chinkhupule. Koma nkhata siphwereratu, chifukwa madzi akamachepa, tizinthu tokoka tija timathithikana ndipo mphamvu yake yokoka imakula, mpaka mbali ziwirizo zitalingana. Munthu akagona, kupsinja kumachepa, kukoka kumapambana, ndipo madzi amabwerera. Tsiku lililonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi a m'nkhata limatuluka n'kubwereranso. Nkhata imodzi imaphwa pang'ono zedi, osakwana milimita imodzi kawirikawiri, koma pang'onopang'ono ndi mtolo: nkhata 23 zikaphwa pamodzi, kamzere ka pachitseko kamatsika.

Pali chinthu china chodabwitsa. M'kati mwa nkhata ya munthu wamkulu mulibe mitsempha ya magazi. M'thupi lonse mulibe chiwalo china chachikulu chotere chimene chimakhala popanda magazi oyendamo. Maselo ake ochepawo amapeza shuga ndi mpweya wabwino kuchokera ku timitsempha ta m'mafupa oyandikana nawo, ndipo chakudyacho chimachita kulowerera pang'onopang'ono kudzera m'sefa muja, monga chinyezi chimakwerera khoma la nyumba ya zidina. Katswiri wa ku Oxford, Jill Urban, anathera zaka zambiri akufufuza zimenezi, ndipo anaonetsa kuti maselo a pakatikati pa nkhata za m'chiuno amatalikirana ndi magazi ndi mamilimita 7 kapena 8. N'chifukwa chake bala la pakhungu limapola m'masiku owerengeka, koma nkhata yovulala imatenga nthawi yaitali.

Amene anayeza

Kuyeza kwa pachitseko kuja si kwachilendo. Mu 1724, mbusa wina wa ku England, Joseph Wasse, analembera kalata dokotala Richard Mead wa ku London yofotokoza kuti anayeza anthu m'mawa ndi madzulo n'kupeza kuti amasiyana msinkhu, ndipo kalatayo inasindikizidwa ndi bungwe la Royal Society. Mu 1985, akatswiri a ku Liverpool anayeza anyamata ndi chipangizo chosaphonya ndipo anapeza kuti kusiyanako kunali pafupifupi mamilimita 19, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a msinkhu wa munthu. Anapezanso mfundo ziwiri zofunika kuzisunga. Yoyamba: kupitirira theka la kufupika kwa tsiku lonse kumachitika mu ola loyamba munthu atadzuka. Yachiwiri: pafupifupi magawo 7 mwa 10 a msinkhu wotayikawo amabwerera m'chigawo choyamba cha usiku. Anaonanso kuti munthu akanyamula katundu amafupika msanga kuposa wopanda kanthu.

Ena anafuna kudziwa kukula kwa kupsinjako. Dokotala wa ku Sweden, Alf Nachemson, anayamba m'zaka za m'ma 1960 kulowetsa kasingano koyezera m'nkhata za anthu amoyo odzipereka. Mu 1999, Hans-Joachim Wilke ndi anzake a ku Ulm ku Germany anabwereza kuyezaku mwa bambo mmodzi wa zaka 45, kwa tsiku lathunthu ndi usiku womwe. Kuti manambala awo amveke, tiwayerekeze ndi mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Bamboyo atagona chagada, mphamvu ya m'nkhata inali ngati theka la ya m'tayala. Ataimirira, inaposa ya m'tayala kawiri ndi theka. Atawerama wopanda kanthu m'manja, inaposa kasanu. Atanyamula katundu wa makilogalamu 20 kuchokera pansi, miyendo ili chiwongokere, msana utapindika, inaposa ka 11. Koma katundu yemweyo atamugwira pafupi ndi thupi, mphamvuyo inatsika ndi theka. Ndipo usiku, iye ali m'tulo, mphamvu ya m'nkhata inakwera kupitirira kawiri, chifukwa madzi anali kubwerera n'kuidzaza.

Umboni wina unachokera kumwamba. Akatswiri opita m'mlengalenga, kumene thupi sililemera, amatalika ndi masentimita angapo chifukwa msana wawo supsinjika. Scott Kelly wa ku America, amene anakhala kumeneko masiku 340 kuchokera mu 2015 mpaka 2016, anabwera atatalika, koma msinkhu wake wakale unabwerera m'masiku ochepa. Ambiri mwa akatswiriwa amadandaula msana ali kumwambako, ndipo akatsika, nkhata zawo zimang'ambika kawirikawiri kuposa za anthu ena. Apa tikuphunzirapo kuti nkhata imene sipsinjidwa konse nayonso sikhala bwino. Inapangidwa kuti izifinyidwa ndi kumasulidwa mosinthanasinthana.

Tsiku limodzi kumapiri

Tsopano tibwere kwathu. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a zitunda ndi zigwa. Kuchokera ku Kongwe kutsetserekera ku Mvera, kapena kuzungulira phiri la Ntchisi limene nsonga yake ipitirira mamita 1,600, n'kovuta kupeza njira yosakwera kapena kutsika. M'midzi yambiri nyumba zili pamtunda pomwe chitsime, mjigo kapena dimba zili kumunsi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti ndowa ya malita 20 ndi katundu yemwe uja anayeza a ku Ulm. Thumba la feteleza kapena la chimanga ndi makilogalamu 50. Belo la fodya lochoka pa jeke kupita ku okushoni ku Kanengo limayandikira makilogalamu 100.

Ntchito zambiri zolemetsa timaziyamba mbandakucha, kuthawa dzuwa. Koma imeneyo ndiyo nthawi imene nkhata zimakhala zitakhuta madzi a usiku, zitafufuma ndi kukungika ngati tayala lopopedwa kwambiri. Michael Adams ndi anzake ku Britain anaonetsa mu 1987 kuti nkhata yodzaza chotere imakana kupindika, ndipo munthu akawerama kwambiri m'mamawa, mpanda wa ulusi umakokeka mwamphamvu kangapo kuposa mmene ungakokekere madzulo. N'chifukwa chake ambiri amamva msana uli gwa podzuka, makamaka m'mawa wozizira wa June ndi July, ndipo kumanga nsapato kumavuta kuposa masana. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 1998 anapeza kuti anthu a msana wosatha amene anaphunzitsidwa kupewa kuwerama m'maola oyambirira a m'mawa anachepetsa masiku omva ululu.

Mlimi sangadikire mpaka dzuwa litakwera, ndipo palibe amene angamuuze kutero mizere ikudikira. Koma pali mwayi umene moyo wa kumudzi umapereka wokha. Munda ukakhala patali, ulendo wa mphindi 30 kapena ola limodzi wapansi umafinya madzi owonjezera aja bwinobwino, ndipo pofika kumunda msana umakhala utamasuka. Amene ali pangozi kwambiri ndi wodzuka pamphasa n'kuthamangira kukweza thumba pa njinga, kapena kunyamula ndowa yodzaza imene inagona pakhomo. Kungosintha ndondomeko kumathandiza: kuyamba ndi ntchito zoimirira ndi zoyenda, monga kutsegulira ziweto kapena kupita kumjigo ndi ndowa yopanda kanthu, ndipo zowerama kwambiri ndi zonyamula zizibwera pambuyo.

Masana vuto limasintha. Pogalauza, popalira, pobandira kapena pothyola fodya wa m'munsi, munthu amakhala chiweramire kwa maola. Nkhata zimaphwa, makamaka kutsogolo kwake, ndipo zikaphwa, katundu wina amasamukira ku timfundo ta kumbuyo kwa msana ndi ku mpanda wa ulusi. Minofu nayo imatopa. Apa mankhwala ake ndi osagula: kuweramuka pafupipafupi, kuika manja m'chiuno n'kudziwongola, ndiponso kukhala ndi mpini wautali wolingana ndi msinkhu wa mwini khasu. Ndipo agogo amene amayala mphasa pansi pa mtengo wa mango dzuwa lili paliwombo n'kugona chagada, mawondo atapinda, sakuchita ulesi. Mphindi zochepa zogona chotero zimabweza gawo lina la madzi otayika, zimene kukhala pampando sikungachite, pakuti munthu wokhala pansi amapsinja nkhata zake pafupifupi mofanana ndi woimirira. Telala, dalaivala wa minibasi ya pa msewu wa M1 ndi mwana wa sukulu wa pa desiki, onsewa akufinya nkhata zawo ngakhale sakutuluka thukuta.

Za kusenza pamutu

Kusenza ndi luso, ndipo sayansi inalivomereza. Mu 1986, Geoffrey Maloiy wa ku Nairobi ndi anzake anapeza kuti amayi a ku Kenya ozolowera kusenza ankanyamula katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kutaya mphamvu zowonjezera. Katundu wa pamutu amatsika molunjika mumsana wowongoka, ndipo sakokera thupi kumbali ngati chigubu cha m'dzanja limodzi. Komabe kulemera konseko kumadutsa m'nkhata zing'onozing'ono za m'khosi. Mayi wa makilogalamu 55 akasenza malita 20 wadutsa kale mlingo uja, ndipo madokotala a kumadzulo kwa Africa anapeza kuti makosi a anthu osenza zolemera kwa zaka zambiri amaperepeseka msanga. Mu 1968, dokotala Laurence Levy wa ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare ndipo kunkagwira ntchito Amalawi ambiri, analemba za amuna onyamula matumba olemera pamutu amene anavulala khosi koopsa, ena mpaka kufa ziwalo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi posenza ndi potula, pamene munthu amawerama, kupotoloka ndi kunyamula pa kamodzi. Mwambo wa pamjigo woti mnzako akusenzetse, ndipo pofika pakhomo wina akutule, umateteza msana kuposa mmene ambiri amaganizira. Wonyamula kuchokera pansi anjute, katundu amuyandikitse pathupi, adzuke ndi miyendo, ndipo potembenuka asunthe mapazi m'malo mopotola chiuno. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri, wilibala kapena ngolo. Ana nawonso apatsidwe zidebe za msinkhu wawo, pakuti mafupa awo akukulabe.

Zaka zikamapita

Munthu akamakula, tizinthu tokoka madzi tija timachepa. Mnofu wonanda umauma n'kukhala wa ulusiulusi, nkhata zimaphwa, ndipo kusiyana kwa msinkhu wa m'mawa ndi wa madzulo kumachepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene agogo amaonekera afupi kuposa kale, kuphatikizapo kufooka kwa mafupa ndi kupindika kwa msana. Ambiri amaganiza kuti ntchito yokha ndiyo imatha msana, koma kafukufuku wa mapasa ofanana wa ku Finland, amene anatsogolera Michele Battié ndi Tapio Videman, anaonetsa kuti mapasa ogwira ntchito zosiyana kwambiri ankakhala ndi nkhata zofanana ndithu. Zakumtundu zili ndi gawo lalikulu. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti wosuta fodya amakhala ndi nkhata zoperepeseka kuposa mnzake wosasuta, pakuti utsi umachepetsa magazi m'timitsempha todyetsa nkhata tija. M'dera limene fodya ndi mbewu yodalirika, mfundoyi ndi yofunika kuinena poyera. Kwinaku, akatswiri a ku Australia anapeza mu 2017 kuti anthu othamanga nthawi zonse amakhala ndi nkhata zamadzi ambiri kuposa anthu ongokhala. Kuyenda m'zitunda za kwathu kuno, popanda katundu wopyola muyeso, ndi chakudya cha msana.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana wa m'munsi, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri chotere kugwira ntchito. Chotonthoza n'chakuti ululu wambiri umachepa wokha m'masabata ochepa, makamaka munthu akamayendayenda m'malo mogona masiku ambiri. Nthawi zina mpanda wa ulusi umang'ambika, mnofu wa pakati n'kutulukira kumbuyo kumene kumadutsa mitsempha yopita kumiyendo. Zikatero ululu umatsika kuchokera m'thako mpaka kuphazi, ndipo pamabwera dzanzi. Ngakhale vuto limeneli nthawi zambiri limatha popanda opaleshoni, chifukwa thupi limayamwa pang'onopang'ono mnofu wotulukawo.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira, kutema mphini kapena kungogula mapiritsi pa golosale. Ngati mwendo ukufooka kapena phazi likukwakwaza pansi, ngati pali dzanzi pakati pa miyendo, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikukanika kapena zikutuluka zokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ngati msana ukupweteka usiku osaleka, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, kapena pamsana patuluka kalinunda, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo imachizika ikapezeka msanga. Zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi, komanso za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, ndi poyambira. Dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira a mafupa kuyambira mu 1985, ndipo ndiwo amaona odwala ambiri m'maboma. Matenda ovuta amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION.

Mizere iwiri ya pachitseko

Mayi akatula ndowa amachotsa nkhata pamutu, n'kuikutumula, ndipo chitenje chija chimabwerera m'malo mwake. Nkhata za mumsana sizingachotsedwe. Kukutumula kwake ndi kugona, ndipo zimafuna maola okwanira usiku uliwonse kuti zimwe madzi amene tsiku lawafinya. Mpata wa pakati pa mizere iwiri ija ndi ngongole imene msana watenga kuti banja lidye, ndipo imabwezedwa pamphasa. Tikaganiza za amene amadzuka woyamba pakhomo, n'kugona womaliza atatsuka mbale, tiona kuti kawirikawiri ndi yemweyonso amene wasenza madzi, nkhuni ndi mwana kumbuyo tsiku lonse. Iyeyo ndiye watenga ngongole yaikulu, ndipo ndiye ali ndi nthawi yochepa yobwezera. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Pakhomo pamene bambo amakatunga madzi pa njinga, anyamata amanyamula thumba awiriawiri, ndipo mayi amapeza mpata wogona pang'ono masana, msana wa aliyense umafika patali.